Kuyeza Ubwino wa Tirigu ndi Kuwala kwa Infrared: Zimene Makina Amaona ndi Pamene Amalekezera

Tirigu sagulidwa potengera kulemera kokha. Matumba awiri a makilogalamu 50, a njere zooneka bwino mofanana, atha kutulutsa ufa wosiyana kotheratu. Wina umatupa bwino mu uvuni, wina umapereka buledi wolemera, wonyenyeka pomudula. Kusiyanaku kuli m'kati mwa njere, mmene diso silifika. N'chifukwa chake mwini chigayo cha ufa wa tirigu asanatchule mtengo amafuna adziwe zinthu zitatu: chinyezi, kuchuluka kwa mapuloteni ndi kulimba kwa njere. Ofufuza ndi ochulukitsa mbewu amawonjezera funso lachinayi: kodi tiriguyu ndi wa mtundu umene walembedwa pa thumbawo?

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu. Tirigu wambiri amene timadya m'buledi, masikono ndi mandasi amachokera kunja, ndipo amabwera ndi chikalata chonena ubwino wake. Mlimi wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu, wa ku Neno kapena wa m'mapiri a Dedza akupikisana ndi tirigu ameneyu. Ngati palibe woyeza mbewu yake, wogula amaganizira zoipa n'kupereka mtengo wotsika. Masiku ano mayeso ambiri otere amachitika ndi makina ogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared, amene m'malipoti a kafukufuku amalembedwa mwachidule kuti NIR. Alangizi ndi onse owerenga zotsatira za minda yoyesera ayenera kudziwa mmene manambalawa amapezekera, kuti adziwe owadalira ndi oyamba awakayikira.

Chifukwa chake mapuloteni ndi ofunika

Mukakanda ufa wa tirigu ndi madzi, n'kuutsuka pang'onopang'ono m'beseni, madzi amayera chifukwa cha sitachi imene ikuchoka. M'manja mumatsala kanthu kotamuka ngati ulimbo. Ameneyo ndiye guluteni, wopangidwa ndi magulu awiri a mapuloteni otchedwa gliadin ndi glutenin. Ndi amene amagwira mpweya wotuluka mu yisiti kuti buledi atupe. Chimanga chilibe guluteni wotere, n'chifukwa chake chikondamoyo sichitupa ngati buledi.

Ophika buledi amafuna tirigu wa njere zolimba, wa mapuloteni pafupifupi 11.5 mpaka 13 peresenti kapena kuposerapo. Opanga mabisiketi ndi makeke amafuna wa njere zofewa, wa mapuloteni 8 mpaka 10 peresenti. Choncho kusiyana kwa peresenti imodzi yokha kutha kusintha msika umene mbewu ilowe ndi mtengo wake.

Chinyezi nacho chili ndi mbali ziwiri. Tirigu wosungidwa ndi chinyezi choposa 13 peresenti m'malo otentha amayamba kuchita chuku ndipo anankafumbwe amaswana msanga. Komanso wogula tirigu wonyowa amalipira madzi pa mtengo wa mbewu.

Njira yakale yoyezera

Mu 1883 katswiri wa ku Denmark, Johan Kjeldahl, amene ankagwira ntchito ku labotale ya Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen, anapeza njira yoyezera nayitirojeni m'zomera ndi m'zakudya. Ufa umawiritsidwa mu asidi wamphamvu wa salifa mpaka usungunuke wonse, kenaka nayitirojeni amene wamasuka amayezedwa. Popeza mapuloteni ali ndi nayitirojeni pa mlingo wodziwika, timachulukitsa nambala imeneyi kuti tipeze mapuloteni. Pa tirigu wodya anthu timachulukitsa ndi 5.7, pamene pa chimanga ndi zakudya za ziweto timachulukitsa ndi 6.25. Chitsanzo: nayitirojeni wa 2.1 peresenti amapereka mapuloteni 12.0 peresenti ndi 5.7, koma 13.1 peresenti ndi 6.25. Wosokoneza manambala awiriwa amapatsa tirigu ubwino umene alibe.

Njira ya Kjeldahl ndi yodalirika ndipo ikugwirabe ntchito, pamodzi ndi ina yotchedwa Dumas imene imawotcha ufa pa moto waukulu n'kuyeza mpweya wotuluka. Vuto lake ndi nthawi, ndalama ndi chitetezo. Kjeldahl imatenga maola angapo, imafuna mankhwala oitanitsa kunja, malo otulutsira utsi woopsa ndi munthu wophunzira bwino. Wobereketsa mitundu yatsopano amene ali ndi ndime mazanamazana sangayeze zonse motere, ndipo lole imene yaima pa chipata cha chigayo singadikire mpaka mawa.

Kuwala kumene maso saona

Mu 1800 William Herschel, katswiri wa zakuthambo ku England, anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu, n'kukumwaza m'mitundu ya utawaleza. Ankayeza kutentha kwa mtundu uliwonse. Ataika choyezera kutentha kupitirira pang'ono mtundu wofiira, pamene panalibe kuwala kooneka, chinakwera kuposa pena ponse. Apa anazindikira kuti pali kuwala kwina kumene diso la munthu silikuona. Kumeneku ndiko timati infrared.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kutalika kwa funde lililonse kumayezedwa m'mananomita. Mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Diso limaona kuyambira pa mananomita pafupifupi 400 mpaka 750. Chigawo cha NIR chimayambira pafupifupi pa 780 mpaka 2,500, ndiye kuti chayandikana ndi kumene timaona.

Kodi kuwala kumeneku kumadziwa bwanji za m'kati mwa njere? Madzi, mapuloteni, sitachi ndi mafuta zimapangidwa ndi maatomu olumikizana, ndipo zolumikizazo zimanjenjemera nthawi zonse, chilichonse pa liwiro lake. Zili ngati nsambo za bangwe: iliyonse ili ndi liwu lake malinga ndi kukungika kwake, ndipo ukaliza liwu lofanana nalo pafupi, nsamboyo imayamba kunjenjemera yokha. Kuwala kukafika pa njere, cholumikiza chilichonse chimameza mafunde ogwirizana ndi kunjenjemera kwake n'kusiya enawo adutse kapena abwerere. Zimene zimameza kwambiri m'chigawo cha NIR ndi zolumikiza za haidrojeni: ya okosijeni ndi haidrojeni m'madzi ndi m'sitachi, ya nayitirojeni ndi haidrojeni m'mapuloteni, ndiponso ya kaboni ndi haidrojeni m'mafuta.

Madzi amameza kwambiri pa mananomita 1,450 ndi 1,940. Mapuloteni amaonekera pafupi ndi 2,050 ndi 2,180, sitachi pafupi ndi 2,100, mafuta pafupi ndi 2,310. Makina amawalitsa mafunde osiyanasiyana pa chitsanzo, amayeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwabwerera kapena kwadutsa, n'kujambula mzere wa mapiri ndi zigwa wosonyeza pamene pamezedwa kwambiri ndi pamene pamezedwa pang'ono. Mzere umenewu, wotchedwa spectrum, ndiwo chinthu chokhacho chimene makina amayeza. Manambala ena onse amachokera ku masamu.

Mmene njirayi inafikira pa malonda a tirigu

Kwa zaka zambiri akatswiri ankachiona chigawo cha NIR ngati chopanda ntchito, chifukwa mapiri a madzi, sitachi ndi mapuloteni amakwerana mosokonekera. Amene anasonyeza phindu lake ndi Karl Norris, injiniya wa dipatimenti ya zaulimi ya boma la America ku Beltsville, m'chigawo cha Maryland. M'zaka za m'ma 1960 iye anaonetsa kuti mukayeza mafunde angapo nthawi imodzi n'kugwiritsa ntchito masamu, mutha kupatula chinyezi, mapuloteni ndi mafuta mu ufa wa mbewu. Makina oyamba ogulitsa anatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Dziko la Canada ndilo linayamba kuwagwiritsa ntchito pa mlingo waukulu. Kumeneko tirigu amachokera ku minda ya kumadzulo pa sitima za pamtunda kupita ku madoko monga Thunder Bay ndi Vancouver, ndipo ogula akunja ankafuna kutsimikiziridwa za mapuloteni. Ngolo iliyonse inkafunika kudziwika msanga kuti ikhuthulidwe m'nkhokwe iti. Phil Williams, wa labotale ya bungwe la Canadian Grain Commission ku Winnipeg, anatsogolera ntchito yoyesa makinawa, ndipo mu 1975 bungweli linayamba kuyeza mapuloteni a tirigu ndi NIR pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Ntchito ya maola angapo inasanduka ya mphindi, popanda asidi.

Makina oyambawo ankafuna kuti tirigu ayambe wagayidwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunafala ena, monga Infratec, amene amadutsitsa kuwala kwa mananomita 850 mpaka 1,050 m'njere zathunthu. Lero woyeza amathira njere m'makina, ndipo pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri manambala atuluka, njere zili zamoyo ndipo zitha kukadzalidwa. Kwa wobereketsa mitundu amene ali ndi njere zochepa za mzere watsopano, ili ndi phindu lalikulu. Bungwe la CIMMYT ku Mexico, kumene kumachokera mizere yambiri ya tirigu yoyesedwa mu Africa, limagwiritsa ntchito njirayi posankha mizere m'labotale yake ya ubwino wa tirigu.

Makina amadziwa zokhazo anaphunzitsidwa

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Makina a NIR sawerenga mapuloteni mwachindunji ngati mmene sikelo imayezera kulemera. Amayamba aphunzitsidwa. Ofufuza amasonkhanitsa zitsanzo zambiri za tirigu, mazana angapo ngati n'kotheka. Chilichonse amachiyeza kawiri: m'makina kuti apeze mzere wake wa kuwala, ndi m'labotale mwa njira ya Kjeldahl kapena Dumas kuti apeze nambala yeniyeni. Kenaka kompyuta imafufuza mgwirizano pakati pa maonekedwe a mzere ndi nambala ya labotale. Masamu ofala pa ntchitoyi amatchedwa PLS. Chotsatira chake ndi chiwerengero chimene makina amagwiritsa ntchito polosera mapuloteni a chitsanzo chatsopano.

Pali zinthu zitatu zotuluka m'mfundo imeneyi. Choyamba, makina sangapose labotale imene inawaphunzitsa. Ngati labotaleyo inkalakwitsa, makina adzabwereza cholakwacho mokhulupirika tsiku lililonse. Chachiwiri, kulosera kumakhala kolondola pa tirigu wofanana ndi amene anaphunzitsira. Makina amene anangoona tirigu wa mapuloteni 10 mpaka 15 peresenti adzaperekabe nambala akapatsidwa wa 7 peresenti wochokera m'munda wopanda feteleza, koma nambalayo ndi yongopeka. Chachitatu, kuphunzitsa kuyenera kutsimikizidwa ndi zitsanzo zina zimene makina sanazionepo, makamaka za nyengo ina ndi malo ena. Kuyesa makina ndi zitsanzo zomwe anaphunzirirapo kuli ngati kufunsa mwana wasukulu mafunso amene mwamupatsa kale mayankho.

Makina ambiri amagulidwa ataphunzitsidwa kale ndi zitsanzo zambirimbiri za m'mayiko olima tirigu wochuluka. Maphunziro amenewa amagwira bwino m'malo ambiri, koma si chifukwa chokhalira osayeza. Tirigu wathu wa kumapiri, wodzalidwa kumapeto kwa dzinja n'kukula ndi chinyontho chotsalira ndi mvula ya chiperoni, atha kukhala ndi njere zazing'ono kapena zofota kusiyana ndi za kunja. Labotale iliyonse iyenera kutenga zitsanzo za kwawo makumi awiri kapena atatu, kuziyeza mwa njira zonse ziwiri, n'kuona ngati makina akupendekera mbali imodzi. Akapezeka kuti nthawi zonse amawonjezera kapena kuchepetsa ndi mlingo womwewo, kukonza kwake n'kosavuta.

Zimene tingadalire

Pa chinyezi ndi mapuloteni njirayi ndi yokhazikika, ndipo mayiko ambiri amaivomereza pa malonda. Makina ophunzitsidwa bwino amasiyana ndi labotale ndi pafupifupi 0.2 mpaka 0.3 peresenti pa mapuloteni. Chifukwa chake n'chomveka: madzi ndi mapuloteni zili zambiri m'njere, ndipo zili ndi zolumikiza zimene zimamezadi kuwalako. Tanthauzo lake kwa wowerenga matebulo ndi lakuti mitundu iwiri ikalembedwa 11.8 ndi 12.0, tisathamangire kunena kuti wina waposa mnzake.

Kulimba kwa njere kumayezekanso bwino, koma mwa njira ina. Tirigu wolimba akagayidwa amasweka m'timisere tokhakhala, pamene wofewa amasanduka ufa wosalala. Kuwala kumamwazika mosiyana pa ufa wokhakhala ndi wosalala, ndipo njira yodziwika imayeza kusiyanaku pa mananomita 1,680 ndi 2,230. Popeza chimene chikuyezedwa ndi kukula kwa timisere, zitsanzo zonse ziyenera kugayidwa ndi kachigayo kamodzi, kochunidwa mofanana. Kusintha sefa kumasintha yankho.

Zimene tiyenera kukayikira

Kuchuluka kwa mapuloteni ndi mphamvu ya guluteni ndi zinthu ziwiri. Mitundu iwiri ya mapuloteni 12 peresenti itha kupereka buledi wosiyana, chifukwa mphamvu ya guluteni imadalira mtundu wa glutenin umene mbewu inatengera kwa makolo ake. Mwachitsanzo, mitundu yokhala ndi zigawo za glutenin zotchedwa 5+10 nthawi zambiri imapereka ufa wokanda wamphamvu kuposa ya zigawo 2+12. Kwa kuwala kwa NIR zigawo zimenezi n'zofanana kwambiri, chifukwa zonse zili ndi zolumikiza zomwezo. Makina ena amatulutsa nambala ya guluteni kapena ya mphamvu ya ufa, koma mbali yaikulu ya nambalayo imangotsatira kuchuluka kwa mapuloteni. Mtundu usanavomerezedwe kuti ndi wa buledi, mayeso okanda ufa ndi ophika buledi weniweni sangalumphidwe.

Chachiwiri ndi kumera kwa njere zili pa ngala. Mvula ikagwa tirigu atakhwima, njere zimayamba kumera ndipo zimatulutsa michere yophwanya sitachi yotchedwa alpha-amylase. Njere zochepa zomera zitha kuononga thumba lonse, buledi n'kumata m'kati. Micherezi zimakhala zochepa zedi poyerekeza ndi sitachi, choncho kuwala sikuziona bwino. Mayeso ake ndi a Hagberg, otchedwa falling number, amene amayeza masekondi amene kachitsulo kamatenga kumira m'phala lotentha la ufa. Ogaya ufa wa buledi amafuna masekondi 250 kapena kuposa.

Chachitatu ndi poizoni wa chuku. Malire ake ovomerezeka ali pa magawo ochepa mwa miliyoni, mwinanso mwa biliyoni. NIR itha kuthandiza kupatula tirigu woonongeka kwambiri, koma siingatsimikize kuti chakudya ndi chotetezeka. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: chinthu chikakhala chochepa kwambiri m'njere, makinawa amachilosera kudzera m'zinthu zina zimene zimayenda nacho, ndipo zinthuzo zikasintha, kulosera kumagwa.

Kuzindikira mtundu wa tirigu

Dzina la mtundu si nkhani ya m'mabuku chabe. Kupirira ku matenda a dzimbiri la masamba ndi la mapesi kumadalira mtundu. Ku Ethiopia mtundu wotchedwa Digalu, umene alimi ambiri ankaudalira, unagwidwa koopsa ndi dzimbiri la mapesi mu 2013, ndipo boma ndi ofufuza anafunika kudziwa kuti mtunduwu wadzalidwa kuti ndi mochuluka bwanji. Kafukufuku amene anachitika m'dzikolo poyeza DNA ya zitsanzo za m'minda ya alimi, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti alimi ambiri ankatchula dzina losiyana ndi mtundu weniweni umene anadzala. Sikunali kunama. Mbewu ikamadutsa m'manja ambiri, kwa mnansi, pa msika, m'nkhokwe, dzina limatayika panjira. Aliyense wodziwa mmene alimi athu amasungira ndi kugawana mbewu aona kuti vutoli si la ku Ethiopia kokha.

Kuzindikira ndi maso kuli ndi malire. Kwa zaka zambiri Canada inali ndi lamulo loti mtundu watsopano uvomerezedwe pokhapokha njere zake zikuoneka ngati za gulu lake, kuti woyendera azitha kusiyanitsa magulu poyang'ana. Lamuloli linkatsekereza mitundu yabwino imene maonekedwe ake sanagwirizane, ndipo linathetsedwa mu 2008. Ndiye funso limabwera lokha: makina amene amayeza mapuloteni m'mphindi imodzi sangatchulenso dzina la mtundu?

Ofufuza ambiri ayesa. Amatenga njere za mitundu yodziwika, amajambula mizere yake ya kuwala, n'kuphunzitsa kompyuta kugawa mizereyo m'magulu. Zitsanzo zonse zikachokera m'munda umodzi ndi chaka chimodzi, zotsatira zimakhala zosangalatsa, nthawi zambiri kupitirira 90 peresenti. Koma chiwerengero chomwecho chikayesedwa pa zokolola za chaka china kapena za dera lina, kulondola kumatsika, nthawi zina kwambiri.

Chifukwa chake tachiona kale. Kuwala kumaona mapuloteni, sitachi, madzi, kukula kwa njere ndi kulimba kwake. Zonsezi zimaumbidwa ndi zinthu ziwiri: chibadwa cha mbewu ndi malo amene yakulira. Mapuloteni amasintha kwambiri ndi feteleza. Nayitirojeni wothiridwa mochedwa, ngala zitatsala pang'ono kutuluka, amakweza mapuloteni kuposa zokolola. Munda wothirira umene wabereka kwambiri popanda feteleza wokwanira umapereka njere zonenepa za sitachi yambiri ndi mapuloteni ochepa. Chilala pa nthawi yodzaza njere chimafotetsa njere, peresenti ya mapuloteni n'kukwera ngakhale ufa wotuluka uli wochepa. Motero mtundu umodzi wolimidwa ndi chinyontho chotsalira ku Tsangano ndi wothiriridwa m'nyengo yozizira kuchigwa utha kusiyana m'maso mwa makina kuposa mitundu iwiri yolimidwa m'ndime zoyandikana. Kompyuta imene tikuganiza kuti yaphunzira mitundu itha kukhala kuti yaphunzira minda.

Pali zovuta zina ziwiri. Mitundu yambiri yamakono ndi yapachibale, yochokera kwa makolo omwewo, choncho njere zake zimafanana ngakhale m'kati. Komanso kompyuta yophunzitsidwa mitundu isanu imakankhira chitsanzo chilichonse m'gulu limodzi mwa asanuwo, ngakhale chitakhala cha mtundu wachisanu ndi chimodzi umene sinauonepo, pokhapokha itapangidwa kuti izitha kukana.

Mbewu yosakanizika imabisala mosavuta. Makina oyeza njere zambiri pamodzi amapereka mzere umodzi wa pakatikati, ndiye njere zisanu zachilendo pa 100 iliyonse sizisintha mzerewo mokwanira kuti zidziwike. Pali makina oyeza njere imodziimodzi, ndi makamera ojambula mzere wa kuwala pa kadontho kalikonse ka chithunzi. Amenewa akuonetsa chiyembekezo pa kafukufuku, koma ndi odula ndipo vuto la malo ndi nyengo likadalipo.

Zimene NIR imachita bwino ndi kusiyanitsa magulu akuluakulu: wolimba ndi wofewa, tirigu wa durum wopangira pasta ndi tirigu wa buledi, ndiponso wofiira ndi woyera ngati makina amayezanso kuwala kooneka. Imathandizanso ngati mlonda. Thumba limene mzere wake wapatuka kwambiri pa anzake a mtundu womwewo ndi munda womwewo liyenera kuikidwa padera kuti lifufuzidwe. Koma chigamulo cha dzina chiyenera kuchokera ku njira zoona chibadwa chenicheni: kuyeza DNA, kupatula mapuloteni a gliadin ndi glutenin ndi magetsi m'labotale, kapena kudzala chitsanzo pambali pa mtundu wodziwika n'kuyerekeza msinkhu, ngala ndi masiku okhwimira. Zimenezi sizisintha ndi feteleza ngati mmene mzere wa kuwala umasinthira, makamaka ziwiri zoyambazo.

Kuwerenga manambala molondola

Nambala ya mapuloteni ilibe tanthauzo ngati sipanalembedwe mlingo wa chinyezi umene yawerengedwera. America imawerengera pa chinyezi cha 12 peresenti, Canada pa 13.5, Australia pa 11, pamene mayiko ambiri a ku Ulaya amawerengera ngati kuti njere zilibe madzi konse. Tirigu wa mapuloteni 12.0 peresenti pa chinyezi cha 12 ndi yemweyo wa 11.8 pa chinyezi cha 13.5, ndiponso wa 13.6 atawerengeredwa wouma kotheratu. Thumba ndi limodzi, manambala atatu. Poyerekeza mtundu wathu ndi chikalata cha tirigu wakunja, kapena pokambirana mtengo ndi ogaya, funso loyamba likhale la mlingo umenewu.

Chachiwiri, mapuloteni awerengedwe pamodzi ndi zokolola. Mzere wa mapuloteni okwera chifukwa chofota ndi matenda si wabwino, ndi wodwala. Tebulo lothandiza limaika pamodzi zokolola pa hekitala, kulemera kwa njere 1,000, mapuloteni, malo, chaka ndi feteleza amene anathiridwa. Mtundu tiziuweruza utayesedwa m'malo angapo kwa nyengo zingapo.

Katengedwe ka zitsanzo

Zolakwa zambiri zimachitika chitsanzo chisanafike pa makina. Otenga zitsanzo m'minda yoyesera ndi kwa alimi atsate izi.

Tapani m'malo angapo a thumba kapena mulu, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kusakaniza. Theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi limakwanira pa makina ambiri a njere zathunthu.

Petani bwino. Mankhusu, dothi ndi njere za udzu nazo zimameza kuwala.

Ngati mukufuna chinyezi cha tsiku lokolola kapena logulitsa, ikani chitsanzo m'pulasitiki yomanga bwino nthawi yomweyo. M'pepala kapena m'nsalu chinyezi chimasintha panjira.

Musayeze njere zotentha zochokera padzuwa kapena m'galimoto. Zisiyeni m'chipinda cha makina zili zomanga mpaka zifanane ndi kutentha kwa m'chipindamo, chifukwa kutentha kumasuntha malo amene madzi amamezera kuwala.

Mbewu yothiridwa mankhwala amtundu kapena fumbi lophera anankafumbwe ilembedwe chizindikiro. Imasokoneza mayeso ndipo imadetsa makina.

Lembani dzina la mzere, nambala ya ndime, malo, tsiku lokolola ndi feteleza, m'kati ndi kunja kwa thumba.

Ogwira ntchito m'labotale asunge chitsanzo chimodzi chodziwika, chotsekedwa bwino, choyezedwa m'mawa uliwonse ntchito isanayambe. Nambala yake ikayamba kusuntha, vuto lili m'makina: nyale ikutha, galasi lada, kapena magetsi akusinthasintha. Ndi bwinonso kutumiza chitsanzo chimodzi pa khumi kapena makumi awiri alionse ku labotale ya Kjeldahl kapena Dumas nyengo iliyonse.

Mfundo yoti titenge

Pa chinyezi, mapuloteni ndi kulimba kwa njere, makina a NIR otsimikizidwa ndi zitsanzo za kwathu ndi odalirika. Atha kufulumizitsa kusankha mizere yatsopano, ndipo atha kupatsa gulu la alimi nambala yopita nayo kwa wogula m'malo mongolandira mtengo umene wanenedwa. Pa mphamvu ya guluteni ndi othandiza kusefa poyamba. Pa kumera, poizoni wa chuku ndi dzina la mtundu, yankho lawo litengedwe ngati chenjezo lofuna mayeso ena. Mbewu ya mlimi isakanidwe kapena kuvomerezedwa dzina chifukwa cha mzere wa kuwala wokha. Kusunga dzina la mtundu kukadali ntchito ya kuyendera minda yochulukitsira mbewu, kuzula mbewu zachilendo ngala zikatuluka, kusesa popunthira musanayambe mtundu wina, ndi kulemba bwino pa thumba lililonse.